Mnzanu Akamazunzidwa pa Intaneti ku Yunivesite: Muyambire Pati?

Nkhanza za pa intaneti pakati pa ophunzira a ku yunivesite zili ndi kuipa kwakekwake. Wozunzayo kawirikawiri sakhala munthu wakutali. Amakhala wa m'kalasi momwemo, wogona naye chipinda chimodzi ku hositelo, kapena amene anali naye pachibwenzi semesita yatha. Gulu la WhatsApp limene munthu akunyozedweramo ndi lomwe lija mumabwera manotsi ndi nthawi ya mayeso, ndiye sangangotulukamo. Kukacha ayenera kukakhala m'holo imodzi ndi anthu amene aona chithunzi chake usiku, osadziwa kuti waseka ndani, watumiza kwina ndani. Makolo ali kutali, ndipo ambiri safuna n'komwe kuti makolo amve. Amene mwatsala pafupi ndinu anzake.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa bungwe la Pew Research Center amene anatuluka mu 2021 anapeza kuti ku United States akuluakulu 41 mwa 100 alionse anachitidwapo chipongwe pa intaneti, koma mwa amene sanakwane zaka 30 anali 64 mwa 100 alionse. Ndi msinkhu womwewo wa anthu amene adzaza mayunivesite.

Mtima wofuna kuthandiza anzake ambiri amakhala nawo. Chimavuta n'kudziwa poyambira. Wina amathamangira kukatukwanizana ndi ozunzawo, wina amamuuza kuti afufute zonse n'kuiwala, wina amangoti zii poopa kulakwitsa. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi yofunika kuitsata mmene yaikidwiramu, chifukwa pali zinthu zimene zimaononga mukazichita nthawi yake isanakwane, ndi zina zimene sizichitikanso mukachedwa nazo.

1. Yambani ndi munthuyo

Mukangoona kuti mnzanu akunyozedwa, musalembe kanthu pagulu kaye. Mufikireni iye. Ngati ali pafupi, pitani kuchipinda kwake. Ngati ali patali muimbireni, ndipo akapanda kuyankha mulembereni uthenga waufupi wosafuna kuti afotokoze kalikonse:

"Aise, ndaona zalembedwa zija. Ndi nkhanza zimenezi, ndipo iwe sunalakwe. Usavutike n'kuyankha. Ndikubwera kumeneko madzulo ano, ukafuna ticheza, ukapanda kufuna tingokhala."

Uthenga ngati umenewu umagwira ntchito yaikulu kuposa mmene ukuonekera. Munthu akaona anthu angapo akumuseka, mumtima amawerengera ndi onse amene akhala chete kuti nawonso ali mbali yomweyo. Inu mukhoza kukhala chete chifukwa cha chisoni, koma iye sangadziwe zimenezo. Kukhala chete kwanu amakumva ngati kuvomereza.

Mukakumana, musiyeni alankhule iye, ndipo ngati sakufuna kufotokoza musamukakamize. Pali mawu amene amatuluka msanga pakamwa pa munthu womufunira zabwino koma amapweteka kwambiri. "Ingozisiya, ndi za pa intaneti chabe." "Bwanji sunandiuze kale?" "Nawenso unajambulitsiranji chithunzi chotere?" Lomalizali ndiye loipitsitsa, chifukwa limachotsa mlandu pa amene wafalitsa n'kuusenzetsa amene wayalutsidwa. Amene anatumiza chithunzi kwa wokondedwa wake anangokhulupirira munthu. Wolakwa ndi amene anachimwaza. Ngati muli ndi maganizo anu pa nkhani yojambulitsa zithunzi zoterezi, tsiku limenelo si loti muwanene.

Funsani zinthu zokhudza chitetezo chake. Wadya? Wagona? Pali amene wamuopseza kuti amuvulaza? Wozunzayo akudziwa kumene amagona? Ngati akugona chipinda chimodzi ndi wozunzayo, usiku umenewo akagone kwina.

Ndiye pali funso limodzi limene ambiri timaliopa. Mukamva mawu ngati akuti "bola ndingofa" kapena "sindingaonenso nkhope za anthu", kapena mukaona akugawa katundu wake n'kumatsanzika mosadziwika bwino, mufunseni mosapsatira: "Kodi ukuganiza zodzipha?" Akatswiri a zamaganizo anafufuza nkhaniyi n'kupeza kuti kufunsa sikumupatsa munthu maganizo amene analibe, ndipo ambiri amapepukidwa mtima kuti wina wawafunsa. Akavomera, musamusiye yekha. Chotsani pafupi mankhwala ndi chilichonse chimene angadzivulaze nacho, ndipo mupite naye kuchipatala kapena muitane woyang'anira hositelo nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Apa pokha ndi pamene simusunga chinsinsi ngakhale atakuchondererani. Mu Seputembala 2010, Tyler Clementi, wophunzira wa zaka 18 wa chaka choyamba pa Rutgers University ku New Jersey, anadzipha patangopita masiku atatu chichitikireni zoti mnzake wogona naye chipinda anamuonera mobisa pa kamera ya kompyuta ali ndi mwamuna wina, n'kulengeza pa Twitter. Imfa yotere sikhala ndi chifukwa chimodzi chokha, koma taonani kuchepa kwa masikuwo. Musanene kuti ndidzamuona kumapeto kwa sabata.

2. Musatumize kwina

Musatumizire wina aliyense chithunzi, vidiyo kapena screenshot ya chipongwecho, ngakhale ndi mawu akuti "taonani zimene akumuchita mnzathu". Cholinga chanu n'chabwino, koma chithunzicho chafika pa foni inanso, ndipo foni imeneyo ili ndi magulu akeake. Wina akati "tanditumizira ndione", muuzeni kuti simutumiza, basi. Musathamangirenso kukadzudzula pansi pa positi ya pa Facebook, TikTok kapena X. Masamba amenewa amakonda kuonetsa kwa anthu ambiri positi imene ikulandira makomenti ochuluka, kaya ndi oyamikira kaya odzudzula, ndiye mukhoza kumasonkhezera moto umene mukufuna kuuzimitsa.

3. Sonkhanitsani umboni musanabloke, musanafufute

Mtima wa wozunzidwa umamuuza kuti afufute zonse, abloke aliyense, atseke akaunti. N'zomveka. Koma mukayamba ndi kubloka, pa masamba ena simuonanso zimene munthuyo analemba, ndipo wozunza akangomva mphekesera yoti nkhani ikupita kwa akuluakulu amathamangira kufufuta. Status ya WhatsApp ndi story ya Instagram zimazimiririka zokha pakatha maola 24. Uthenga wa pa WhatsApp mwini wake akhoza kuufufutira aliyense mpaka pafupifupi masiku awiri chiutumizireni. Umboni utoledwe tsiku lomwelo.

Ntchito imeneyi igwireni ndinu. Kumuuza munthu kuti awerengenso chipongwe chilichonse n'kumachijambula chimodzichimodzi n'kumuzunza kachiwiri. Zimene zili pagulu jambulani pa foni yanu. Zimene zabwera kwa iye yekha, mupempheni foni yake, iye akhale pambali panu osayang'ana.

Screenshot yothandiza ndi imene ikuonetsa dzina kapena nambala ya wolemba, tsiku ndi nthawi. Musaidule m'mbali, musazungulize mawu ndi utoto, musailembe chilichonse, chifukwa screenshot yokhudzidwakhudzidwa ndi yosavuta kuikana. Tsegulaninso tsamba la akaunti ya wozunzayo, mujambule, n'kukopera linki yake. Dzina loonekera pamwamba munthu amalisintha m'kamphindi, ndiye screenshot ya dzina lokhalo mawa ikhoza kukhala yopanda ntchito. Koperaninso linki ya positi iliyonse. Ngati makomenti ndi ambiri, jambulani vidiyo ya skirini mukutsika pang'onopang'ono. Ma voice note asungeni. Pa WhatsApp pali njira yotumizira macheza onse a gulu ngati fayilo imodzi, imene imalembedwa kuti Export chat, ndipo imasunga tsiku ndi nthawi ya uthenga uliwonse.

Kenako tsegulani kope kapena fayilo imodzi n'kumalembamo mzere umodzi pa chochitika chilichonse: tsiku, nthawi, tsamba, amene walemba, chimene walemba, ndi amene anaona. Zimaoneka ngati ntchito yotopetsa, koma tsiku lokadandaula kope limeneli ndi limene limasiyanitsa mawu akuti "amandinyoza kawirikawiri" ndi nkhani yokhala ndi masiku ake imene ofesi singaikankhire pambali. Zonsezi zisungidwe malo awiri, mwachitsanzo pa imelo ndi pa flash, poti foni imatayika.

Ngati akauntiyo ndi yobisa dzina, lembani m'kopemo zimene zingathandize kumudziwa, monga zinthu zimene watchula zodziwika kwa anthu ochepa okha. Koma musaloze munthu chala pagulu pongomuganizira.

Pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kusunga pa foni yanu: chithunzi kapena vidiyo yamaliseche ya mnzanuyo. Lembani linki, dzina la akaunti ndi nthawi, jambulani mawu ozungulira, koma chithunzicho chikhale kwa mwini wake yekha. Ndipo ngati pamene ankajambulidwa anali asanakwane zaka 18, monga zimakhalira ndi ena a chaka choyamba kapena ndi zithunzi zakale za ku sekondale, kuchisunga kapena kuchitumiza ndi mlandu waukulu m'mayiko ambiri, ngakhale mutati mumasungira umboni.

4. Tsekani njira zimene akumufikira

Umboni ukakhala m'manja, khalani pansi limodzi, foni ili m'manja mwa mwini wake. Yambani ndi pasiwedi ya imelo, chifukwa amene ali ndi imelo akhoza kusintha mapasiwedi a maakaunti ena onse. Pa yunivesite anthu amabwerekana mafoni ndi malaputopu, ndipo okondana amauzana mapasiwedi. Chibwenzi chikatha pasiwedi imatsalabe m'mutu mwa winayo. Sinthani onse. Pa WhatsApp onani pamene palembedwa kuti Linked devices, muchotse kompyuta iliyonse imene mnzanuyo sakuidziwa, chifukwa wina akhoza kumawerenga mauthenga ake pa laputopu imene anaigwiritsa ntchito kamodzi n'kuiwala kutuluka. Yatsani two-step verification, imene pa WhatsApp ndi PIN ya manambala 6. Sinthani kuti asamaikidwe m'magulu ndi aliyense. Zimitsani zoonetsa kumene ali, monga mapu a pa Snapchat.

Kubloka n'kwabwino kwa munthu wachilendo. Kwa munthu amene mawa mukumana naye m'kalasi, nthawi zina kumangomupsetsa mtima n'kutsegula akaunti ina. Instagram inabweretsa njira yotchedwa Restrict mu 2019: makomenti a wozunzayo amaoneka kwa iye yekha, ndipo sauzidwa kuti watsekeredwa. Palinso Hidden Words, pamene munthu amalemba mawu amene sakufuna kuwaona, kuphatikizapo dzina lachipongwe limene amupatsa, ndipo makomenti okhala ndi mawuwo amabisika.

Gulu la kalasi alitseke phokoso, ndipo inu mulonjeze kumamutumizira manotsi ndi zolengeza zonse zofunika. Lonjezo limeneli lisungeni ndithu, chifukwa akaphonya tsiku la mayeso kamodzi adzabwerera kumawerenga gululo usiku uliwonse. Akafuna kutuluka m'gulu lina, dziwani kuti kuyambira 2022 WhatsApp imadziwitsa ma admin okha munthu akatuluka.

Ine sindiona kuti n'chanzeru kumukakamiza kutsekeratu maakaunti ake. M'maakauntimo mumakhala anzake enieni, abale ake, ndiponso mwayi wa ntchito. Kupuma masiku angapo n'kwabwino ngati wafuna yekha, koma woyenera kuthamangitsidwa pa intaneti si iyeyo.

5. Ripotani kwa eni masamba

Poripota sankhani chifukwa cholondola: kuzunza, kuopseza, kunamizira kukhala munthu wina, kapena kufalitsa zithunzi zamaliseche popanda chilolezo. Ambiri amakhulupirira kuti positi imachotsedwa anthu akaripota ochuluka, koma eni ake a Facebook amanena kuti kuchuluka kwa malipoti sindiko kumachititsa kuti chinthu chichotsedwe. Lipoti limodzi lolunjika bwino limaposa khamu losankha zifukwa mwachisawawa. Akaunti yonamizira dzina la mnzanu ndi bwino airipote mwini dzina. Mukaripota munthu pa WhatsApp, mauthenga ake asanu omaliza amapita kwa kampaniyo. Lipoti lililonse lilembedwe m'kope lija.

Pa zithunzi zamaliseche pali thandizo limene ophunzira ambiri salidziwa. StopNCII.org inayamba mu 2021, imayendetsedwa ndi bungwe la ku United Kingdom, ndipo ndi yaulere kwa aliyense wa zaka 18 kupita m'mwamba. Chithunzicho sichichoka pa foni ya mwini wake. Tsambalo limangopanga chizindikiro cha manambala ndi zilembo choimira chithunzicho, n'kuchipereka kwa makampani ogwirizana nalo monga Facebook, Instagram, TikTok ndi Reddit, kuti wina akayesa kuchiika chizindikirike. Munthu akhoza kuchita zimenezi chithunzicho chisanafalitsidwe n'komwe, akangoopsezedwa. Ngati chinajambulidwa asanakwane zaka 18, njira yake ndi Take It Down, ya NCMEC, bungwe la ku United States loteteza ana. Njirazi sizilowa m'macheza otsekedwa ngati a pa WhatsApp, ndiye musamulonjeze kuti chithunzicho chitheratu paliponse. Google nayonso ili ndi fomu yopemphera kuti zithunzi zoterezi, ngakhale zabodza zopangidwa pa kompyuta, zisamatuluke munthu akafufuza dzina lake.

Wina akamafuna ndalama kapena zithunzi zina kuti asafalitse, mnzanuyo asapereke. Wolipira kamodzi amafunsidwanso. Asiye kuyankha, umboni usungidwe, nkhani ipite kupolisi.

6. Tsopano lankhulani pagulu, koma musakhale nokha

Nkhanza zimadalira oonerera. Christina Salmivalli wa pa University of Turku ku Finland ndi anzake anasonyeza mu 1996 kuti pamene wina akuzunzidwa, ana ambiri a m'kalasi amakhala ndi mbali yawo: ena amathandizira wozunza, ena amamulimbikitsa ndi kuseka, ena amangodzipatula, ndipo ochepa amateteza. Kuseka kuja ndiye malipiro a wozunza. Kafukufuku wina wa mu 2001, wa Hawkins, Pepler ndi Craig, anaonera ana a sukulu za pulayimale ku Toronto ali pabwalo lamasewera, n'kupeza kuti mnzawo akalowererapo, maulendo 57 mwa 100 alionse nkhanzazo zinkaleka pasanathe masekondi 10. Amenewo anali ana ndipo zinali za maso ndi maso, koma aliyense amene anakhalapo m'gulu la WhatsApp akudziwa mmene mphepo imasinthira munthu mmodzi akangonena kuti izi ayi.

Musanalembe, mufunseni mwini nkhani. Ena amafuna kuti anzawo awaimirire poyera, ena amaopa kuti nkhani imene imayamba kuzizira idzukanso. Tsatirani zofuna zake.

Akalola, panganani anthu awiri kapena atatu kumbali. M'gulu lalikulu aliyense amayembekezera kuti wina ayambe, ndipo woyamba akakhala yekha ozunza amamutembenukira. Woyamba alembe mwachidule, kudzudzula mchitidwewo popanda kutukwana munthu: "Anzanga, izi ndi nkhanza, ndipo gulu lino ndi la za kalasi. Admin, chonde fufutani." Wachiwiri atsatire nthawi yomweyo: "Ndikugwirizana nazo." Wachitatu chimodzimodzi. Wina akati "timangoseka, bwanji mukutengera pamtima", yankhani kamodzi kuti mwini wake sakuseka, kenako siyani. Mkangano wautali umangobweza dzina la mnzanu pamwamba.

Admin ali ndi mphamvu zambiri kuposa mmene ambiri amadziwira. Akhoza kufufutira aliyense uthenga wa membala wina, kuchotsa munthu m'gulu, kapena kutseka kuti kwa kanthawi azilemba ma admin okha. Mulankhuleni kumbali, koma pokhapokha umboni utatoledwa kale.

Oseka aja ndi bwino kuwafikira mmodzimmodzi. Katswiri wa zamaganizo John Suler anafotokoza mu 2004 kuti pa intaneti anthu amamasuka kunena zimene sangazinene pamaso, mwa zina chifukwa saona nkhope ya amene akumulankhula. Ambiri oika emoji yoseka sanaganizepo kuti kuseri kuli munthu amene sanatuluke m'chipinda masiku awiri. Mukamuuza wina kumbali kuti "ujeni zamupweteka kwambiri zija, tachotsa komenti yako", nthawi zambiri amachita manyazi n'kuchotsa, pamene mukanamudzudzula pagulu akanalimbalimba kuti asaoneke wogonja.

Musabwezere. Kumwaza nambala ya wozunzayo, zithunzi zake kapena zinsinsi zake kumakusandutsani wozunza, kukhoza kugwera munthu wosalakwa, ndiponso kumaononga dandaulo la mnzanu, chifukwa ofesi idzangoti onse anali kutukwanizana.

7. Akuluakulu a sukulu ndi apolisi

Kupatula pamene moyo uli pangozi, kukadandaula asankhe ndi mwini wake. Nkhanza zamulanda kale mphamvu pa mbiri yake ndi chithunzi chake, inu musamulandenso mphamvu yosankha. Mufotokozereni njira zimene zilipo, n'kumupatsa nthawi.

Pafupifupi yunivesite iliyonse ili ndi malamulo a khalidwe la ophunzira. Afufuzeni, muwerenge ndime yokhudza kuzunza, muitchule m'kalata yanu. Kalatayo isatalike: chimene chinachitika, masiku ake, umboni umene ulipo, ndi chimene mukupempha. Mbali yomalizayi ambiri amaiiwala. Pemphani zinthu zogwirika, monga kusinthidwa chipinda, kuchotsedwa m'gulu la asayimenti limene muli wozunzayo, lamulo loti asamulankhulenso, kapena kuonjezeredwa masiku operekera ntchito. Pitani nayo ku ofesi yoona za ophunzira, ndipo mumuperekeze. Iye akamalankhula, inu muzilemba dzina la amene walandira dandaulo, tsiku, ndi nthawi imene walonjeza kuyankha. Sungani kope la kalatayo. Ngati wolandirayo angoti "ndi zachibwana zimenezo, kambiranani nokha", pitani kwa womuposa kapena ku bungwe la ophunzira. Ndipo ngati panali kuopseza kapena zithunzi, mnzanuyo ali ndi ufulu wokana kukhazikidwa pamodzi ndi wozunzayo kuti agwirane chanza.

Kuopseza kupha kapena kuvulaza, kulondalonda munthu, kufuna ndalama moopseza ndi kufalitsa zithunzi zamaliseche ndi milandu ya kupolisi m'mayiko ambiri. Tengani umboni wosindikiza papepala, ndipo musachoke osalandira nambala ya mlandu.

8. Phokoso likatha

Gulu limaiwala msanga. Pakatha sabata limodzi anthu amakhala ali pa nkhani ina, ndipo anzake ambiri amaganiza kuti zatha. Kwa mwini wake nthawi zambiri m'pamene zimayamba kulemera. Foni ikangolira mtima umagunda. Anthu awiri akaseka kumbuyo kwake amaganiza kuti akuseka iye. Amafufuza dzina lake pa intaneti pakati pa usiku kuti aone ngati pabwera zina. Apa m'pamene mnzake weniweni amafunika kwambiri, ndipo ntchito yake ndi zinthu zing'onozing'ono zobwerezabwereza.

Tsiku loyamba kubwerera m'kalasi ndi lovuta kuposa onse. Kamutengeni kuchipinda, mulowe limodzi, mukhale pambali pake. Musamusiye aime yekha pakhomo la holo akusakasaka mpando maso onse ali pa iye. Chitani zimenezi kwa masiku angapo, mosinthana ndi anzanu ena. Pitirizani kumuitana kokawerenga, kokaonera mpira, kokayenda, ngakhale akane kangapo. Kuitanidwako pakokha kumamuuza kuti malo ake akadalipo.

Muzichezanso naye nkhani zina. Munthu amatopa kufunsidwa "uli bwanji" ndi nkhope yachisoni tsiku lililonse, ngati kuti palibenso china chimene ali nacho kupatula tsoka lija. Ndipo lekani kumubweretsera malipoti akuti "ujeni wanenanso zakuti". Ngati ndi zofunika pa mlandu zilembeni m'kope, ngati ndi miseche chabe zifere kwa inu.

Pa za foni, gwirizanani zimene angakwanitse: kuti usiku ikhale patali ndi bedi, kuti makomenti aziyamba mwawaona ndinu n'kumuuza zofunika zokha. Kubwerera kumaposita kukhale pa nthawi yake. Akadzaika chithunzi choyamba, inu ndi anzanu mukhale oyamba kulembapo mawu abwino.

Za makolo kapena abale, ngati pali mpata woti chithunzi kapena bodzalo liwafika, ndi bwino amve kwa iye kusiyana n'kuti alandire kwa wachibale wina. Ngati akuopa, konzani limodzi mawu oyambira, ndipo mukhale pomwepo akamaimba.

Pali malire a zimene mnzake angachite. Pakatha masabata awiri akulepherabe kugona kapena kudya, akujomba m'kalasi, wayamba kumwa mowa kwambiri, kapena sakusangalalanso ndi chilichonse chimene ankachikonda, akufunika mlangizi wa zamaganizo kapena dokotala. Kungonena kuti "upite kwa a uphungu" sikukwanira, chifukwa munthu wofooka mumtima sachedwa kuzengereza. Fufuzani ofesiyo, mufunse masiku ake, mumuperekeze mpaka pakhomo. Muthandizeninso kulembera alekichala mayeso asanafike, poti kupempha nthawi zinthu zisanaonongeke n'kosavuta kuposa kudandaula magiredi atatuluka.

Inunso muli ndi mayeso anu ndi tulo tanu, ndipo kuwerenga chipongwe tsiku ndi tsiku kumalemetsa mtima ngakhale sichikunena inu. Mwini wake akalola, gawanani ntchito anthu angapo: wina za umboni, wina za manotsi, wina zomuperekeza. Ozunzawo akakutembenukirani, chitani zomwezi pa nkhani yanu, ndipo nanunso muuze wina.

Nthawi zina wozunzayo amakhala mnzanunso. Pamenepo musayese kukhala pakati n'kumanyamula mauthenga uku ndi uku, kapena kumuchonderera wozunzidwa kuti akhululuke msanga kuti gulu lanu libwerere mwakale. Muuzeni wolakwayo pamaso kuti afufute, asiye, ndipo ngati akufuna kupepesa, apepese pamalo pomwe ananyozerapo, popanda kuyembekezera kuyankhidwa.

Kope la umboni lija musalitaye semesita ikatha. Chithunzi kapena bodza likhoza kudzukanso patapita miyezi, m'gulu lina kapena pa akaunti yatsopano. Zikatero, onjezani mzere m'kopemo, ripotaninso, ndipo pobwerera ku ofesi kapena kupolisi tchulani nambala ya dandaulo loyamba kuti aone kuti munthuyo wabwereza.